Kalata ya Pamwamba m'Bokosi la Adadi

1

Dzina langa ndine Eliness Chikaonda, ndipo matenda anga ndi olowerera nkhani za eni. Amene amandidziwa ku City Centre akugwedeza mitu pomwe aliripo. Koma zimene ndinachita Lachinayi lina mu Okutobala zinaposa msinkhu wanga, moti mpaka lero ndikamva kompyuta ikulira kwambiri ndimasiya zonse n'kuthamangira kukaona.

Adadi anga, a Nasoni Chikaonda, ali ndi kampani ya malole onyamula katundu. Ofesi yathu ili m'mwamba m'nyumba ina yakale ku City Centre, ndipo ine ndimagwira pomwepo, kulandira madandaulo a makasitomala. Amami, a Evelesi, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Anali ndi shopu ya nsalu ku Area 2, ndipo kuyambira 2004 mpaka sabata imene anagonekedwa m'chipatala ankawalembera adadi imelo masana aliwonse. Mutu wa kalata sunkasintha: "Mwadya kodi?"

Adadi sanafufutepo kalata ngakhale imodzi. Sindikunena za amami zokha ayi. Za otsatsa matayala, za madalaivala opempha tchuthi, za akuba aja amati mwawina galimoto, zonse zili m'bokosi lawo la imelo, poti amaopa kuti chala chingaterereke n'kuchotsa yolakwika. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi amatseka chitseko n'kuwerenga kalata imodzi ya amami. Tonse timadziwa, ndipo palibe amagogoda hafu eyiti isanakwane.

Amene ankavutika ndi chikondi chimenechi ndi a Ackson, katswiri wathu wa makompyuta, bambo wa imvi za m'mbali amene saseka wamba. Seva yathu, chikompyuta chosunga makalata a ofesi yonse, imakhala m'kachipinda koyandikana ndi khitchini. Inagulidwa ine ndili ku sekondale.

"Abwana, bokosi lanu lokha likuposa la anthu tonse kuphatikiza," ankatero a Ackson mwezi ndi mwezi. "Diski yosungira kope lachiwiri inafa chaka chatha. Tigule ina, tisamutse makalatawa."

"Mawa, Ackson. Koma usakhudze kanthu."

Mawa limenelo silinafike.

2

Lachinayi limenelo adadi anatuluka twelofu koloko atavala jekete yawo yabuluu, akununkhira perefyumu. Anati akupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Ine ndinangoti, "Muyende bwino, adadi," mtima uli pa ntchito ina.

Patapita mphindi khumi ndinawatumizira kalata. Nditangodina batani ndinaona chimene ndachita. Kalata imeneyo inayenera kufika kwa adadi, eya, koma osati kuchokera pa adiresi yanga ya ku ntchito, yolembedwa poyera kuti E. Chikaonda. Zimene zinali m'katimo ndikuuzani, musandifulumize. Pakali pano dziwani kuti adadi akanaiwerenga ili ndi dzina langalo, ndikanasowa pobisa nkhope mu Lilongwe muno.

Mwayi wanga unali umodzi. Adadi amayenda ndi kafoni kamabatani, makalata amawerengera pa kompyuta ya mu ofesi basi, ndipo kompyutayo saitseka. Ndinasuzumira pakhonde. Sophia, mnzanga wokonza maulendo a malole, anali kalikiliki ndi chipisi chake. Ndinavula nsapato zanga zogogoda, ndinalowa mwa adadi chonyang'ama.

Bokosi linali lotsegula kale. Pamwamba penipeni panali kalata: E. Chikaonda, "Mwadya kodi?" Ndi mutu womwewo umene ndinaika pa kalata yanga. Sindinaitsegule n'komwe, nthawi yake iti? Ndinadina mabatani awiri aja a Ackson anandiphunzitsa, ofufuta kotheratu osadutsa mu bini. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinayankha mokweza ngati ndikulankhula ndi munthu: "Kwambiri!"

Ndinatuluka ndikuvina ndi mapewa, nsapato zili m'manja. Ndinamulanda Sophia chipisi ziwiri. Akuluakulu ananena kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine mwambi umenewo ndinkaumvera anthu ena.

3

Sipanathe mphindi zisanu Sophia anakuwa. "Aaa, imelo yanga yaima! Ndili ndi malole atatu ku Mchinji akudikira mapepala!"

Wina anayankhira ku chipinda china kuti nayenso chimodzimodzi. Kenako tonse tinamva phokoso lochokera kufupi ndi khitchini, ngati chigayo chakutali. A Ackson anasiya mbale yawo n'kuthamanga. Ine ndinawatsatira pang'onopang'ono, nkhope ya munthu wosadziwa kanthu.

Kagetsi kofiira ka pa seva, kamene masiku onse kamangophethira, kanali katayaka osazima. A Ackson anakhala pansi, analemba zinthu zawo zija, kenako anavula magalasi.

"Ikulemba," anatero. "Ikulemba ngati yapenga."

"Ikulemba chiyani poti palibe akutumiza kanthu?" ndinafunsa.

"Wina wafufuta kalata m'bokosi la abwana."

Ndinaseka kaseko kouma. "A Ackson inunso! Kufufuta ndi kulemba n'zosiyana. Kakalata kamodzi kangaimitse ofesi yonse?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi anga. Ndinali ndisanavalebe nsapato.

"Ndinanena kuti ndi kamodzi ine, asisi?"

Ndinabisa phazi lina kuseri kwa linzake.

"Khalani pansi ndikuuzeni," anatero. "Seva yakale iyi siisunga kalata iliyonse payokha. Makalata onse a munthu mmodzi amakhala mu fayilo imodzi, osanjikizana ngati matumba a chimanga m'nkhokwe. Mukachotsa thumba la pamwamba, lofika kumene, palibe vuto. Koma mukasolola la pansi penipeni, matumba onse ayenera kunyamulidwa limodzilimodzi kuti atseke mpatawo. Ndi zimene ikuchita panopa. Ikulembanso makalata a zaka makumi awiri, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Koma yofufutidwayo ndi yatsopano," ndinatero, osazindikira kuti ndikudzigulitsa ndekha. "Inali pamwamba."

"Pamwamba pa kompyuta yanu pamakhala yatsopano. Abwana anandiuza kalekale kuti ndiwatembenuzire, yakale kwambiri izikhala pamwamba, kuti akatsegula m'mawa aziyamba kuona dzina la mayi." Anatembenuza sikirini kuti ndione. "Yafufutidwa 12:14 ndi iyi. Ya pa 9 Febuluwale 2004. E. Chikaonda. Evelesi."

Mayo ine! Ndinakhala pa katoni ya mapepala. Ndinali nditafufuta kalata yoyamba imene amami anawalembera adadi. Yanga ija inali phee pansi pa bokosi, ikudikira mwini wake.

"Ibwezeni, a Ackson, chonde. Ndikugwadirani."

"Pamalo pamene inali palembedwa kale zina. Imeneyo yapita. Tsopano tipempherere zotsalazi, chifukwa diski iyi ndi nkhalamba, ndipo ntchito yaipatsidwayi itenga ola ndi theka. Isasokonezedwe mpaka imalize."

Atangotseka pakamwa, magetsi anazima.

4

M'kachipindamo munayamba kulira kabokosi ka mabatire: tii, tii, tii. A Ackson anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaona thukuta pamphumi pawo.

"Mabatirewa atisunga mphindi makumi awiri, mwina osakwana. Ikazima ili pakati polemba, bokosi lisokonezeka, ndipo sindikulonjeza kuti diskiyi idzadzukanso. Kope lina tilibe. Makalata onse a mayi anu ali pamenepa."

"Ndiye yatsani jenereta!"

"Kiyi ali ndi abwana. Chiyambire madalaivala kupopa dizilo, amayenda naye m'thumba."

"Aimbireni!"

"Ine? Ndikanene kuti chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, asisi. Koma musanaimbe, ndiuzeni chimene mumafuna kubisa, ndidziwe maliro amene ndikulira."

Apa ndiye ndiulule, kwa inu monga ndinaululira kwa a Ackson. Amami anali ndi mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, Anti Hellen Efelo, mayi wamasiye wa ku Area 14, amene anali mphunzitsi wa taipi. Chimwalirireni amami, adadi anangofota. Ankadya chakudya ataimirira, malaya osasita, Loweruka lonse ali mu ofesi. Anti Hellen nawonso anali okhaokha m'chinyumba chachikulu, kumangolankhula ndi maluwa. Akakumana ku tchalitchi ankapatsana moni ngati anthu a pa depoti. Ine zinkandipweteka, ndipo ndinaona kuti awiriwa akasiyidwa okha adzafika kumanda akunenabe kuti "zikomo, zikomo."

Ndiye ndinatsegula ma adiresi awiri abodza, ina m'dzina la Anti Hellen, ina m'dzina la adadi. Kwa miyezi itatu ndinkawalembera adadi ngati Hellen, n'kumawalembera Anti Hellen ngati Nasoni. Mayankho onse ankafikira ine, ndipo ndinkawakometsa ndisanawapititse. Adadi akalemba kuti "Ndalandira, zikomo," kwa anti zinkafika kuti "Mawu anu andigoneka tulo tabwino." Mutu uja wa amami ndinaubwereka dala, podziwa kuti adadi sangaulambalale. Ndinawauzanso onse awiri, aliyense m'dzina la mnzake, kuti za makalatazi tisamazitchule pamaso, n'zamanyazi. Lachinayi limenelo ndinalemba kalata yoopsa kuposa zonse, yofunsa kuti, "Kodi a Nasoni, tidikira mpaka liti?" Pansi ndinasaina "Wanu, Hellen," koma ndinaitumiza ndili pa adiresi yanga.

A Ackson anandimvetsera mpaka kumapeto. "Mphindi zinayi zapita," anatero. "Imbani."

Foni inaitana kawiri. Amene anayankha sanali adadi.

"Halo, Eliness mwanawe? Adadi ako akusamba m'manja. Kwagwanji?"

Anali mawu a Anti Hellen. Msonkhano wa akulu a mpingo uja! Koma ndinalibe nthawi yodabwa. Ndinalira ngati mwana wa ku mkaka: "Anti, auzeni abwere ndi kiyi wa jenereta msangamsanga! Makalata a amami akufa, ndipo ndawapha ndine!"

5

Kuchokera ku Area 14 kufika ku City Centre si patali, koma tsiku limenelo ndinaona ngati akuchokera ku Karonga. Ndinaima pawindo, kabokosi kaja kakulira mofulumira tsopano. A Ackson anazimitsa chilichonse chodya mabatire, anangosiya seva yokha. Sophia anaiwala za malole ake, anayamba kuimba nyimbo ya pa maliro chapansipansi mpaka ndinamuponyera fayilo.

Galimoto ya adadi inalowa pageti ngati ambulansi, ndipo woyendetsa anali Anti Hellen. Adadi anatsika isanaimitsitse. Bambo wa zaka 66, jekete ikuuluka, anathamangira kuseri kwa nyumba kiyi ali m'manja. Jenereta inatsokomola kamodzi, kawiri, n'kuzima. Ndinatseka maso. Kachitatu inabangula, magetsi a m'khonde anayaka, kabokosi kaja kanakhala chete.

"Yapulumuka ndi mphindi ziwiri," anatero a Ackson. "Tsopano aliyense atalikire, imalize ntchito yake."

Adadi anakwera masitepe akupuma movutikira. Sanandiyang'ane. Analowa m'kachipinda ka seva, anakoka mpando, anakhala moyang'anizana ndi kagetsi kofiira kaja manja ali pamawondo, monga ankakhalira pambali pa bedi la amami ku chipatala. Apo m'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinachita, ndipo manyazi anandigwira kuposa mantha.

Tinadikira ola lathunthu. Kenako phokoso linatsika, kagetsi kanayambanso kuphethira. A Ackson anawerenga pa sikirini. "Onse alipo, abwana. Kupatula imodzi."

"Iti?"

A Ackson anayang'ana ine. Ndinagwada pa simenti pomwepo.

"Yoyamba, adadi. Ya 2004. Ndafufuta ndine. Ndimafuna kuchotsa ina imene ndinakutumizirani molakwitsa."

Adadi anaimirira. "Tiye mu ofesi," anatero. "Hellen, tiyeni nanunso."

Atatseka chitseko ndinakhuthula zonse, ma adiresi abodza, miyezi itatu, mayankho okometsedwa. Ndinkayembekezera bingu. M'malo mwake ndinamva kaphokoso kachilendo, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona Anti Hellen atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"A Nasoni, muuzeni mwanayu, ine ndafa nako kuseka."

"Iwe Eliness," anatero adadi, "ukuganiza kuti ndinabadwa dzulo? Kalata yako yachiwiri inati, 'Ndimakumbukira mmene munkayendetsera njinga yamoto yofiira.' Njinga imeneyo ndinaigulitsa kalekale, Hellen asanabwere n'komwe ku Lilongwe. Amaidziwa ndi iwe, chifukwa chithunzi chake chili pabalaza. Lamulungu lomwelo ndinawafunsa a Hellen pa tchalitchi, iwo n'kutulutsa makalata amene akuti ndinalemba ine. Ine Nasoni kulemba kuti 'tulo tabwino'!"

"Ndiye... mwakhala mukudziwa?"

"Miyezi itatu yonse," anatero Anti Hellen akupukuta misozi. "Poyamba tinakumana kuti tigwirizane chilango chako. Kenako tinati tiyeni timuyankhe tione pamene afike. Lachinayi lililonse adadi ako amabwera kwathu, timadya, kenako timakhala pakhonde kupeka mayankho ako. Akulu a mpingo ake ndi amenewo."

"Ndipo mwezi wathawu," anawonjezera adadi akuyang'ana kudenga, "tinaona kuti mayankhowo sitikupekanso. Ankhoswe akumana Loweruka likubwerali. Timafuna tikuuze iwe pomalizira penipeni, kuti ukhaule."

Ndinangoti kukamwa yasa. Ine wochenjera uja, anthu awiri okalamba ankandiseweretsa ngati chidole, uku akudya nkhuku.

6

Ndinayamba kuseka, koma adadi sanaseke nane. Anatembenuza kompyuta yawo n'kuyang'ana pamwamba pa bokosi, pamene tsopano panali kalata ya pa 10 Febuluwale.

"Ya Hellen ndakukhululukira kalekale," anatero motsitsa mawu. "Koma iyi yandipweteka, mwana wanga. Ndinkayamba nayo tsiku lililonse ndisanatsegule ina."

Misozi inangotsika.

"Khala apa," anatero akundipatsa mpando wawo. "Wafufuta ndiwe, ulembanso ndiwe. Tsegula kalata yatsopano. Mutu ukuudziwa."

Ndinalemba kuti "Mwadya kodi?" pamalo pa mutu. Adadi anatseka maso n'kuyamba kunena pamtima, liwu ndi liwu.

"Bambo a Eliness, ndaphunzira makinawa chifukwa pa foni mumangoti eya, eya. Apa muzindiyankha bwinobwino. Pobwera mugule tomato."

"Anyezi," anatero Anti Hellen.

Adadi anatsegula diso limodzi. "Tomato."

"Anyezi, a Nasoni. Ndinataipa ndine kalata imeneyo. Evelesi anali asanadziwe pamene pali zilembo, anandikokera ku kafe ya intaneti ku Area 2, iye akunena ine ndikulemba. Tomato munagula molakwitsa, ndipo anakukalipirani sabata yathunthu."

Adadi anakanda mutu. "Lemba anyezi."

Kenako anapitiriza. "Mwana wanu lero wanama kuti mutu ukumupweteka kuti asapite ku sukulu. Ndamupeza kuseri akulembera mnzake kalata yopepesa kwa aphunzitsi, n'kusaina dzina la mayi ake a mnzakeyo. Ameneyu adzatichititsa manyazi tsiku lina, koma mtima wake ndi wabwino, musamamukalipire kwambiri. Ndine wanu, Evelesi."

Ndinasiya kulemba. "Adadi, mwawonjezera zimenezo."

"Funsa amene anataipa."

Anti Hellen anagwedeza mutu, maso ali ofiira. "Ndi momwemo, mwanawe. Unali Sitandade 5."

Ndinalira pa kiyibodi ya adadi mpaka zilembo zinanyowa. Zaka zonsezi bambo anga ankayamba tsiku ndi kuwerenga kuti ine ndidzawachititsa manyazi ndipo asadzandikalipire kwambiri. Tsiku litafika, anamvera.

Diski yatsopano inagulidwa m'mawa mwake, a Ackson anachita kuperekezedwa ndi adadi enieniwo. Makalata a amami tsopano ali m'malo atatu, ndipo ine ndinaletsedwa kukhudza kompyuta ya mu ofesi ya adadi mpaka Yesu adzabwere. Ukwati unachitika mu Disembala. Pa phwando a Ackson anaseka koyamba pamaso pa anthu, atandiona ndikuvina nsapato zili m'manja.

Inu owerenga, makamaka anzanga okonda kukonza miyoyo ya eni, sindikuuzani kuti musiye, poti nanenso sindinasiyiretu, ndipo Sophia akadali wosakwatiwa. Koma musanafufute kanthu m'bokosi la munthu wina, tsegulani muwerenge kaye, chifukwa simudziwa chimene mwini wake anaika pamwamba. Ine ndinkayesa ndikuchotsa bodza langa, ndinachotsa mawu a mayi anga.

Kalata imene ndinalembanso ija a Ackson anaiika pamalo pake, pamwamba penipeni. Adadi amaiwerengabe m'mawa uliwonse, ndipo Anti Hellen ndi amene amawakumbutsa akachedwa. Mawu ake ndi omwewo, wotumiza ndi E. Chikaonda. Koma ine ndi adadi timadziwa kuti E ameneyo si Evelesi, ndipo ndikadutsa pa chitseko chawo hafu eyiti isanakwane, ndimayenda chonyang'ama.